Probado, consta, acreditado: mmene Chisipanishi chimanenera kuti nkhani ili ndi umboni

Mu Febuluwale 2023 kunaphulika nkhani imene okonda mpira wa ku Spain, ngakhale a kuno kwathu, sanaiiwale. Zinadziwika kuti kuyambira 2001 mpaka 2018 timu ya Barcelona inkapereka ndalama ku makampani a José María Enríquez Negreira, yemwe pa nthawiyo anali wachiwiri kwa mkulu wa komiti yoyang'anira oyimbira mpira m'dzikolo. Ndalamazo zinapitirira ma euro 7 miliyoni. Ochemerera anagawikana pawiri, ena akuti "agwidwa basi", ena akuti "palibe umboni". Pa Chisipanishi nkhaniyi imakwana m'ziganizo ziwiri zosatsutsana. Choyamba: *los pagos están acreditados*, zoti ndalama zinaperekedwa zili ndi mapepala ake, ndipo timuyo siikana, imangoti inkalipira malipoti okhudza oyimbira. Chachiwiri: *no está probado que se compraran partidos*, zoti masewero ankagulidwa palibe khoti linali litanena kuti umboni wake wakwana. Munthu amene akumasulira ziganizozi pa foni angaone ngati *acreditado* ndi *probado* ndi mawu amodzi, "zatsimikizika", ndipo mutu wa nkhani ungamudutse pomwepo.

Ifenso timasiyanitsa. Pabwalo la amfumu mboni imafunsidwa ngati inaona ndi maso kapena inangomva, ndipo kamawu koti "akuti" kamatichotsa pa moto tikamanena za m'maluwa. Chimene Chisipanishi chinachita ndi kupatsa njira iliyonse yodziwira chinthu mneni wake: kuyesa, kukaona wekha, kulongosola mpaka wina akhutire, kupeza m'kaundula, kuonetsa chikalata, kudinditsa kwa mwini chidindo. Ukasankha mneni, waulula kale mmene wadziwira. Wophunzira chinenerochi akangoloweza mawuwa ngati ofanana, amalankhula zomveka ndithu, koma amalonjeza zimene alibe.

Kholo la ambiri mwa mawuwa ndi *probar*, wochokera ku Chilatini *probare*, kuyesa chinthu kuti uone ngati chili bwino. N'chifukwa chake amapezeka kukhitchini, m'sitolo ndi kukhoti komwe. Mayi akamalawitsa mwana msuzi amati *prueba*, talawa. Kachipinda koyeseramo zovala ndi *probador*. Mayeso a kusukulu, kuyezetsa magazi, umboni wopereka kwa woweruza, zonsezi ndi *prueba*. Ndiye ukawerenga kuti mankhwala *fue probado en ratones*, sakunena kuti atsimikizika, akunena kuti anawayesa pa mbewa. Otsatsa malonda amaudziwa bwino mpata umenewu. Pa botolo la mafuta odzola amalemba *clínicamente probado*, wogula n'kumva kuti madokotala avomereza, pamene mawuwo angathenso kungotanthauza kuti anayesedwa, osanena kuti zotsatira zinali zotani. Ineyo ndimaona kuti apa m'pamene wophunzira ayenera kuyambira kuchenjera.

*Comprobar* ndi kudzuka n'kukaona. Kugwedeza chitseko kuti udziwe ngati chakhomedwa, kuwerenga chenji usanachoke pa kauntala, kuyang'ana ngati ndalama yalowadi mu akaunti. Kapepala kotsalira m'manja ukalipira kamatchedwa *comprobante*, makamaka ku Latin America, pomwe ku Spain umamva kwambiri *justificante* kapena *resguardo*. Abale a ku Tete ndi Angónia salivutikira liwuli, chifukwa Chipwitikizi chili ndi *comprovar* ndi *comprovativo*. *Verificar* ndi mnzake wapafupi, kungoti amanunkha ofesi ndi makina. *Confirmar* amafuna kuti pakhale zimene zinanenedwa kale: mphekesera yoti wosewera wagulidwa imayenda milungu, kenako timu imatulutsa *comunicado oficial*, nyuzipepala n'kulemba *confirmado*.

*Demostrar* ndi wa mtundu wina. Apa suonetsa pepala kapena kugwedeza chitseko, umayala mfundo imodzi pambuyo pa inzake mpaka womvera afike yekha pamene iwe wafika. Ndi mneni wa masamu ndi sayansi. Mwana wa sekondale ku Madrid kapena ku Bogotá akamaliza kusonyeza kuti samu yake ndi yoona amatha kulemba *c. q. d.*, chidule cha *como queríamos demostrar*, monga tinafunira kusonyeza.

Tsopano pali chinthu cha galamala chimene chimathetsa nzeru ophunzira ambiri, koma ndi chokoma ukachimvetsa. Chisipanishi chimasintha mathero a mneni malinga ndi ngati wolankhula akuima pa zimene akunenazo kapena ayi. *Está demostrado que funciona*: zasonyezedwa kuti akugwira ntchito. *No está demostrado que funcione*: sizinasonyezedwe kuti akugwira ntchito. Kusiyana kwake ndi chilembo chimodzi, *funciona* ndi *funcione*. Mtundu wachiwiriwu umatchedwa *subjuntivo*, ndipo ndi umene umanyamula zokayikitsa, zolakalaka ndi zimene wolankhula sakuzisainira. Woweruza akalemba *está probado que estuvo allí* wanena kuti munthuyo analipo. Akalemba *no está probado que estuviera allí* sananene kuti kunalibe. Wangokana kuika dzina lake pa zoti analipo.

Kukhoti n'kumene mawuwa amalemera kwenikweni, chifukwa kumeneko amatsekera munthu kapena kumumasula. Lamulo loyendetsera milandu ya upandu ku Spain, Ley de Enjuiciamiento Criminal, ndi la 1882, ndipo likugwirabe ntchito ngakhale lakonzedwa kambirimbiri. Ndime 142 ya lamuloli imalamula oweruza kuti anene mosapsatira zimene akuziona kuti umboni wake wakwana. Lamulo la makhoti la 1985, pa ndime 248, limayala mmene chigamulo chiyenera kukhalira: *antecedentes de hecho*, mmene mlandu wayendera, *hechos probados*, zochitika zimene khoti lazilandira kuti n'zoona, *fundamentos de derecho*, zimene malamulo akunena, pomaliza *fallo*, chigamulo chenicheni. Maloya ndi atolankhani akalandira chikalata cha masamba mazanamazana amathamangira pa *hechos probados*. Gawoli limayamba ndi mawu ouma ngati *se declara probado que*, ndipo limasimba nkhani popanda "mwina" kapena "zikuoneka". Chimene sichinalowe m'menemo, khoti silingamangirepo chilango.

Chitsanzo chimene a ku Spain sachiiwala ndi cha pa 11 Malichi 2004, pamene mabomba 10 anaphulika m'sitima 4 zonyamula anthu opita kuntchito ku Madrid. Boma la José María Aznar linayamba n'kuloza chala ETA, gulu la zigawenga lomwe linkafuna kuti dera la Basque lidziimire palokha, ndipo kwa zaka zitatu nyuzipepala ndi mawailesi ena anapitiriza kukometsa ganizo limenelo. Pa 31 Okutobala 2007 khoti la Audiencia Nacional linapereka chigamulo. Linati ndi *probado* kuti anthu 191 anaphedwa ndi gulu la zigawenga za jihadi, ndipo silinapeze umboni uliwonse wolumikiza ETA. Anthu 21 anapezeka olakwa, 7 anamasulidwa, kuphatikizapo mmodzi amene oimira boma pa milandu ankamutchula kuti anali m'gulu la okonza chiwembucho. Mu Julayi 2008 Khoti Lalikulu linamasulanso anthu anayi mwa amene anamangidwa. Apa pakubwera liwu lina lofunika, *firme*. Chigamulo chimene chingathe kuchitidwa apilo ndi *sentencia* chabe. Chikafika poti palibenso kokadandaula chimakhala *sentencia firme*, ndipo nkhaniyo imasanduka *cosa juzgada*, yoweruzidwa kale, yosayambidwanso.

Pa milandu ina, monga yakupha, ku Spain amaweruza ndi nzika wamba 9 zosankhidwa mwa maere, potsatira lamulo la 1995. Anthuwa sapatsidwa funso limodzi lokha loti wolakwa kapena wosalakwa. Amapatsidwa mndandanda wa zochitika, ndipo pa chilichonse amavota kuti *probado* kapena *no probado*. Kuti chinthu choipira woimbidwa mlandu chikhale *probado* pamafunika mavoti 7, pamene chomukomera chimangofuna mavoti 5. Ayeneranso kulemba mwachidule chifukwa chimene avotera choncho. Mu 2001 gulu lotere ku Málaga linapeza mayi wina wolakwa pa mlandu wopha mtsikana, ndi mavoti 7 kwa 2, popanda umboni wogwirika womuika pamalo a imfayo. Chaka chotsatira khoti lapamwamba linafafaniza chigamulocho chifukwa zifukwa zake sizinalongosoledwe mokwanira, ndipo mu 2003 kuyeza kwa DNA kunaloza munthu wina. Mayiyo anali atakhala m'ndende miyezi 17. Nkhaniyi imandiwawa nthawi zonse ndikaiganizira, chifukwa pa pepala zinalembedwa kuti *probado*. Maloya a Chisipanishi eniake amadziwa malire a liwuli, n'chifukwa chake amakamba za *verdad procesal*, choonadi chimene mlandu wakwanitsa kufikira, chomwe nthawi zina sichifanana ndi zimene zinachitikadi.

Liwu limene lilibe mnzake wachindunji m'zinenero zambiri ndi *constar*. Linachokera ku *constare*, kuima nji. Chinthu chikakhala kuti *consta*, ndiye kuti chilipo penapake pamene wina angakachipeze: m'kaundula, m'maminitsi a msonkhano, m'faelo. Phungu akafuna kuti mawu ake alembedwe amati *que conste en acta*. Pocheza wamba, *que conste que yo avisé* ndi ngati kunena kuti "mumve bwino, ine ndinachenjeza". *Dejar constancia* ndi kusiya chizindikiro cholembedwa. Ku Mexico liwu loti *constancia* linasanduka dzina la kalata yeniyeniyo: *constancia de estudios* yochokera kusukulu, *constancia de situación fiscal* yochokera ku ofesi ya misonkho.

Ukaliphatikiza ndi munthu limakhala lamphamvu kwambiri. *Me consta* si "ndikuganiza" kapena "ndamva". Ndi kunena kuti ndikudziwa, ndili ndi pogwira, mungandifunse. Ukauza bwana kuti *me consta que pagó*, waika mbiri yako pa zoti munthuyo analipira. Koma ukalitembenuza limasanduka pobisalira. *No me consta* silikana ndiponso silivomera, limangoti "kwa ine sizinafike". Pa 8 Febuluwale 2014 Cristina de Borbón, mwana wa Juan Carlos, yemwe pa nthawiyo anali mfumu ya Spain, anakayankha mafunso kwa woweruza José Castro ku Palma de Mallorca pa mlandu wa Nóos, wokhudza ndalama za boma zimene zinadutsa m'bungwe la mwamuna wake, Iñaki Urdangarin. Mayankho ake ambiri anali *no sé*, *no recuerdo* ndi *no me consta*, mpaka nyuzipepala zinachita kuwerenga kuti anawanena kangati. Mu 2017 khoti linamumasula pa milandu ya misonkho imene ankaimbidwa, pamene mwamuna wake anakalowa m'ndende mu 2018 ndi chilango cha zaka 5 ndi miyezi 10. Kuyambira nthawi imeneyo, pamodzi ndi milandu ina ya katangale ya zaka zomwezo, a ku Spain ambiri akamva wandale akuti *no me consta* amakweza nsidze.

Komabe sibwino kuliweruza liwuli chifukwa cha andale. Kalaliki amene wafufuza m'kompyuta n'kukuuza kuti *no consta* akunena zoona zokhazokha: m'kaundula mulibe. Vuto limakhala kwa womvera amene amasintha dongosolo la mawu m'mutu mwake. *No consta que pagara* ndi "palibe cholembedwa choti analipira". *Consta que no pagó* ndi "zalembedwa kuti sanalipire". Mawu ake ndi omwewo pafupifupi, koma pa chiganizo choyamba munthu akhoza kukatenga lisiti yake kunyumba, pamene pa chachiwiri ngongole yamugwira.

Kwa munthu wobwera kudzakhala ku Spain, mneni amene amamusowetsa tulo ndi *acreditar*. Kukhala m'dziko sikokwanira, uyenera kuonetsa ndi mapepala kuti unakhalamo. Amene analowa kapena kutsalira popanda chilolezo amatha kupempha mapepala kudzera m'njira yotchedwa *arraigo*, kuzika mizu. Kale njira yodziwika kwambiri inkafuna zaka 3, koma malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 20 Meyi 2025 anatsitsa kufika pa zaka 2. Zaka zimenezo ziyenera kukhala *acreditadas*. Ndiye munthu amasunga chikwatu cha pulasitiki chodzaza: kalata ya *empadronamiento* yosonyeza kuti analembetsa kukhonsolo ya tauni, timapepala ta masiku amene anakaonana ndi dokotala, malisiti otumizira ndalama kumudzi, satifiketi ya kosi ya chinenero, chilichonse chimene chili ndi dzina lake ndi deti. Amaziyala pa tebulo mwezi ndi mwezi, kufufuza ngati pali mpata wautali wopanda pepala. Aneba onse akhoza kudziwa kuti munthuyo sanachokepo, mwini sitolo yapakona akhoza kunena *me consta*, koma wa pa windo la ofesi amafuna zoti aziike m'faelo.

Pamwamba pa mapepala onse pamakhala *fe*, chikhulupiriro. Chinthu chikatchedwa *fehaciente*, mawu ochokera ku *fe* ndi *haciente*, ndiye kuti pachokha chimachititsa kuti chikhulupiridwe. Lamulo la ku Spain la 1862 limati *notario* ndi wantchito wa boma wololedwa *dar fe*, kuikira umboni mapangano ndi zochitika za kunja kwa khoti, ndipo zikalata zake zimatha ndi mawu awiri, *doy fe*. Ku Argentina ndi Uruguay munthu yemweyu amatchedwa *escribano*. Ukafuna kuchenjeza lendilodi kapena wangongole m'njira yoti asadzakane kuti sanamve, ku Spain umatumiza *burofax* ku positi ofesi, ku Argentina *carta documento*, ndipo imeneyo ndiyo *notificación fehaciente*. Wopuma pantchito amene akukhala kunja amatumiza *fe de vida*, chikalata choti akadali moyo, kuti penshoni isaime. Chofunika kudziwa n'chakuti *notario* amaikira umboni zimene waona ndi kumva. Ukapita kwa iye n'kunena kuti munda wakutiwakuti ndi wako, iye amatsimikiza kuti tsiku lakuti munthu wakuti ananena mawu amenewo pamaso pake. Zoti mundawo ndi wakodi, chidindo chakecho sichinanene.

M'munsi mwa *prueba* muli *indicio*, kachizindikiro kolozera. Ma *indicios* amakwana kuyambitsa kafukufuku, ndipo akachuluka n'kulozera kumodzi amatha kumangitsa munthu, koma kamodzi pakokha si umboni wokwanira. *Evidencia* ndi nkhani ina imene akadaulo a chinenero amakangana. Pachiyambi limatanthauza chinthu choonekeratu chosafuna mtsutso, koma chifukwa cha Chingerezi ambiri, makamaka ku Latin America ndi m'nkhani za sayansi, amaligwiritsa ntchito ngati *prueba* wamba. Bungwe la Fundéu, limene linakhazikitsidwa mu 2005 kuti lizilangiza atolankhani, limalimbikitsa kuti mawu awiriwa asasokonezedwe. Ndime 24 ya malamulo aakulu a Spain a 1978 imateteza *presunción de inocencia*, kuti munthu ndi wosalakwa mpaka umboni upezeke, ndipo n'chifukwa chake nyuzipepala zimadzaza ndi *presunto* ndi *supuesto*, woganiziridwa. Mu 2015 aphungu anafika posintha dzina la munthu amene akufufuzidwa, kuchoka pa *imputado* kupita pa *investigado*, chifukwa loyambalo anthu ankalimva ngati wagamulidwa kale. Atolankhani alinso ndi "akuti" wawo wobisika m'mneni: *el ministro habría recibido dinero*. Ophunzira amawerenga kuti "nduna ikadalandira ndalama", pamene tanthauzo lake ndi "akuti nduna inalandira ndalama, ife sitinatsimikize". Mabuku ena olangiza kalembedwe ka nkhani amadana nako kalembedwe kameneka, ndipo ndikugwirizana nawo, chifukwa kamalola nyuzipepala kuponya mwala n'kubisa dzanja.

Pamsewu zimapepuka. *Lo sé de buena tinta*, ndazimva kwa munthu wodalirika. *No se sabe a ciencia cierta*, sizikudziwika bwinobwino. *Dar por hecho* ndi kutenga chinthu ngati chachitika kale usanafufuze, ndipo amene watopa ndi mtsutso amatseka ndi *a las pruebas me remito*, umboni undiyankhire.

Mawu onsewa amagwira ntchito pokhapokha wowanenayo akhale woona mtima, ndipo ku Mexico kuli bala losonyeza zimene zimachitika boma likawagwiritsa ntchito potseka anthu pakamwa. Usiku wa pa 26 Sepitembala 2014, ophunzira 43 a pasukulu ya aphunzitsi ya Ayotzinapa anagwidwa mumzinda wa Iguala, m'chigawo cha Guerrero, ndipo sanaonekenso. Mu Januwale 2015 mkulu woimira boma pa milandu, Jesús Murillo Karam, anauza dziko kuti anyamatawo anaphedwa ndi gulu la zigawenga n'kuwotchedwa pamalo otayira zinyalala ku Cocula. Anati imeneyi ndi *la verdad histórica*. Mawuwa sanawapeke yekha, ndi akale m'chilankhulo cha maloya a ku Mexico, ndipo amatanthauza zimene zinachitikadi, zimene kafukufuku amayenera kuzifikira. Powasankha, iye ankanena kuti nkhani yatha. Mu Sepitembala chaka chomwecho gulu la akatswiri ochokera kunja, lotumidwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu m'maiko a America, linasonyeza kuti moto waukulu chotero sukanatheka pamalopo. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti ena mwa amene anavomera mlandu anachita kuzunzidwa. Mu Ogasiti 2022 komiti ya boma la Mexico inati zimene zinachitikazo zinali *crimen de Estado*, upandu wochitidwa ndi boma, ndipo Murillo Karam anamangidwa.

Lero munthu wa ku Mexico akati *verdad histórica* nthawi zambiri akutanthauza bodza la boma. Makolo a ophunzirawo anakana kuyambira pachiyambi kuti ana awo azitchedwa *muertos*, akufa, popanda umboni, ndipo amayenda m'misewu akufuula kuti *vivos se los llevaron, vivos los queremos*, anawatenga amoyo, tikuwafuna amoyo. Labotale ya yunivesite ya Innsbruck ku Austria inazindikira mafupa a ophunzira atatu poyeza DNA, ndipo amenewo imfa yawo ndi *acreditada*. Otsala 40 amatchedwabe *desaparecidos*, osowa.